Mafunso ndi mayankho: mediteshoni, kukhazika maganizo pansi ndi nkhani ya chilakolako

Awa ndi mafunso amene anthu kuno ku Chipata amandifunsa mobwerezabwereza akamva kuti ndimakhala chete m'mawa komanso ndimathandizako ena kuyamba. Ena amafunsa tikaweruka kutchalitchi, ena pamsika wa Kapata, ena amachita kuimba foni usiku tulo titawathawa. Ndayamba ndi osavuta, ozama ali kutsogolo, ndipo yankho likakutumizani ku funso lina pitani mukawerenge komweko.

Kodi mediteshoni ndi chiyani kwenikweni?

Ndi kukhala pansi mwadala kwa kanthawi n'kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kawirikawiri mpweya umene mukupuma kapena mawu afupi a pemphero, ndiye maganizo akathawa mumawabweza, akathawanso mumawabwezanso. Basi. Palibe mankhwala, palibe kufukiza, palibe ndalama yoti mulipire munthu.

Musasokoneze ndi kukhala pakhonde dzanja lili kutsaya. Munthu ameneyo ali chete pakamwa chabe koma mumtima akuwerengera matumba a fetereza, ndalama za yunifomu, kaloba wa mwezi watha, ndipo maganizowo ndi amene akumuyendetsa iye. Pa mediteshoni maganizo omwewo amabwerabe, kusiyana kwake n'koti mumawaona akubwera ndipo simupita nawo.

Ndiyambe bwanji?

Khalani pampando kapena pamphasa, msana wowongoka koma osaumitsa, manja pamaondo. Maso mutha kutseka kapena kungoyang'ana pansi patsogolo panu. Pumani kaye katatu mokoka, ndipo potulutsa mpweya muzichedwerako kusiyana ndi pokoka chifukwa potulutsa mpamene mtima umagunda pang'onopang'ono. Kenaka usiyeni mpweya uziyenda wokha, inu ntchito yanu ndi kungoumva, kaya pamphuno pamene ukulowa wozizirira n'kutuluka wofunda, kaya pamimba pamene pakukwera ndi kutsika. Sankhani malo amodzi.

Ngati zikuvuta werengani. Kutulutsa koyamba 1, kwachiwiri 2, mpaka 10 kenaka muyambirenso. Mukazindikira kuti mwafika pa 23 kapena mwasiya kalekale kuwerenga muli ku maliro a chaka chatha, bwererani pa 1 osadzikalipira. Mphindi 5 zakwana poyamba. Ikani alamu pafoni, foniyo muiike patali moti dzanja lisaifike.

Ine maganizo anga sakhala chete olo pang'ono, ndiye kuti ndikulephera?

Ayi, ndipo funso ili ndi limene limasiyitsa anthu ambiri sabata yoyamba. Maganizo a munthu aliyense amayendayenda. Mu 2010 akatswiri awiri a ku Harvard, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, ankafunsa anthu oposa 2,000 kudzera pafoni nthawi zosiyanasiyana za tsiku kuti mukuchita chiyani ndipo mukuganiza chiyani, n'kupeza kuti pafupifupi magawo 47 pa 100 a nthawi maganizo a anthuwo sanali pa chimene ankachita. Ndiye phokoso limene mwalimva mutakhala chete silinayambe lero, linalipo kale, lero mwangolimva chifukwa wailesi mwazimitsa.

Chimene sindifuna muchite ndi kulimbana nawo maganizowo kuti achoke. Daniel Wegner mu 1987 anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera kwa mphindi zingapo, koma chinkangobwerabe, ndipo atawalola kuti tsopano ganizani anachiganiza kwambiri kuposa anzawo amene sanaletsedwe poyamba. Yesani nokha, dziuzeni kuti lero sindiganizako za munthu uja anandinyoza pa chilimba, muone ngati safika msanga. Nthawi imene mwazindikira kuti ndachoka, n'kubwerera pa mpweya, imeneyo ndiye mediteshoniyo. Kaya zichitike kambirimbiri pa mphindi 5, mwagwira ntchito.

Zimenezi si zausatana kapena chipembedzo cha ku India? Ine ndine Mkhristu.

Funsoli ndimalilemekeza chifukwa amafunsa ndi anthu osamala za moyo wawo wauzimu. Zoona, njira yotsatira mpweya inaphunzitsidwa kwambiri ndi Buddha, amene anakhalako kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ndipo Ahindu alinso ndi njira zawo. Koma kukhala chete si kwa mtundu umodzi. Kuno ku Africa komwe, m'chipululu cha ku Egypt, Akhristu ngati Antoni Woyera amene anamwalira mu 356 ankapita kukakhala kwaokha kukapemphera ndi kuyang'anitsitsa zimene zimabuka mumtima mwa munthu. Wina mwa iwo, Evagrius, anamwalira mu 399, analemba maganizo 8 amene amavutitsa munthu: kususuka, chiwerewere, kukonda ndalama, chisoni, mkwiyo, kugwa ulesi ndi moyo wauzimu, kufuna kutamandidwa ndi kunyada. Iye ankaphunzitsa kuti kubwera kwa maganizo amenewa sikuli m'manja mwathu, chili m'manja mwathu n'choti akhalitse kapena ayi. Werenganinso Salimo 46:10, komanso Marko 1:35 pamene Yesu analawirira kusanache kupita kwayekha kukapemphera.

Amayi a Chikatolika amene amapemphera korona akubwereza mawu omwewo chala chikuyenda pa mikanda, ndi abale athu Achisilamu amene amatchula dzina la Mulungu pa tasibihi akatha swala, onsewa akudziwa kale kumangirira maganizo pa chinthu chimodzi. Palinso njira yopanda chipembedzo chilichonse, imene Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts kuti athandize odwala a ululu wosatha, maphunziro ake amatenga masabata 8.

Maganizo anga ndi awa: ngati chikumbumtima chanu sichikumasuka ndi kuwerenga mpweya, tengani mawu afupi a chikhulupiriro chanu, monga akuti Ambuye Yesu ndichitireni chifundo, muziwanena chamumtima pamodzi ndi kupuma. Kambiranani ndi abusa, ansembe kapena ashehe anu. Koma wina akakuuzani kuti mulipire kuti akutsegulireni mphamvu zobisika kapena kuti mulemere, thawani, zimenezo si zimene tikukamba pano.

Nanga kukhala chete kukugwirizana bwanji ndi chilakolako?

Apa mpamene pali nkhani yonse. Mukakhala chete masiku angapo muyamba kuona kuti maganizo amene amakubani si achisawawa, ambiri ndi a kufuna. Ndikanakhala ndi njinga yamoto ija. Bwanji sanandiyankhe meseji. Nditsegule foni ndione. Ndikamuyankha chakutichakuti mawa. Ena ndi ofuna kuti chinthu chibwere, ena ofuna kuti chinthu chichoke, koma onse akukoka. Buddha pa chiphunzitso chake choyamba ku Sarnath, pafupi ndi Varanasi, ananena kuti gwero la kuvutika kwa mtima ndi ludzu limeneli losatha, ndipo kalata ya Yakobo 1:14 imanenanso za munthu kukokedwa ndi chilakolako chake cha iye mwini. Mlaliki 5:10 akuti wokonda ndalama sakhuta nazo ndalama.

Chilakolako chimalankhula ngati ang'wang'wazi a pa steshoni. Mukangofika akuthamangirani, wina wagwira kale chikwama, Lusaka amdala Lusaka, yanyamuka manje manje, mpando watsala umodzi, injini ikulira, ndipo mtima umathamanga kuti ndikachedwa indisiya. Amene wayendapo kangapo amadziwa kuti phokosolo si ulendo, amaima kaye, amagwira chikwama chake, amasuzumira m'basimo, n'kudzifunsa ngati Lusakayo ndi kumene akupitadi. Mediteshoni siyithamangitsa ang'wang'wazi pa steshoni, adzakhalapobe mpaka kalekale. Imakuphunzitsani kuima kaye.

Kampata kameneka, pakati pa kumva kufuna ndi kusuntha dzanja, kwa ambiri a ife kalibemo n'komwe, foni ikangolira dzanja lafika kale. Mukamakhala chete m'mawa ndipo mphuno yayamba kuyabwa inu n'kungomva kuyabwako osakanda mpaka kutha kokha, mukuphunzira pa kanthu kakang'ono chinthu chimene mudzachifuna madzulo pa nkhani yaikulu.

Chifukwa chiyani ndimalakalaka chinthu chimene sichindisangalatsanso?

Funsoli amafunsa kwambiri ndi osuta fodya ndi obetcha, ndipo amafunsa mwamanyazi ngati kuti ndi iwo okha. Kent Berridge wa ku University of Michigan, pamodzi ndi anzake, anasonyeza kuti muubongo kufuna chinthu ndi kusangalala nacho zimayenda njira zosiyana. Dopamine, amene anthu amakonda kumutcha mankhwala a chisangalalo, ntchito yake yaikulu ili pa kufuna, kukukankhani kuti pita katenge. Ndiye n'zotheka kufunako kumakula chaka ndi chaka pamene kukomako kukuchepa. Botolo loyamba linakoma, lachisanu mukungomwa, koma mawa lake ndi matsire omwe miyendo ikufunabe kukhotera komweko.

Yesani izi ndi chinthu chimene mumachikonda mopitirira. Musadziletse lero, koma pochitapo khalani maso. Ngati ndi fodya, imvani utsi pakhosi, fungo pa zala, kuwawa kwa pakamwa, ndudu yonse mpaka kumapeto osagwira foni osacheza. Kenaka dzifunseni moona mtima, chimene chibaba chinandilonjeza ndi chimene ndalandira zikufanana? Anthu ambiri amadabwa kwambiri apa, ndipo kudabwako kumagwira ntchito kuposa kukalipiridwa.

Ndiye kufuna kulikonse n'koipa? Ndisiye kufuna nyumba ya malata ndi sukulu ya ana?

Ayi ndithu, ndipo ndimamva chisoni ndikamva zimenezi zikuphunzitsidwa choncho kwa anthu osauka. Njala si chilakolako choti muchithetse ndi kupuma, njala imatha ndi nsima. Mayi amene akufuna mwana wake amalize giredi 12, mlimi wa ku Chadiza amene akufuna mtengo wabwino wa soya wake, mnyamata amene akusunga ndalama za ganyu kuti agule njinga, onsewa akufuna zinthu zabwino ndipo azifune ndi mphamvu. Buddha yemwe anayesapo kudzizunza ndi njala mpaka kutsala mafupa, n'kuona kuti sizithandiza, anayambanso kudya ndipo anaphunzitsa njira yapakati.

Kusiyanitsa kwake ine ndimaona motere. Kufuna kwabwino kumalola kudikira, mutha kukonza pulani, kugona tulo, kudzuka n'kukalima. Chilakolako sichidikira, chimati pompano, chimachepetsa dziko lonse kukhala chinthu chimodzi, ndipo mukachipatsa chimakhala chete kanthawi kochepa n'kubweranso ndi njala yoposa. Chinanso, kufuna kwabwino simuchita nako manyazi kuuza akazi anu kapena amuna anu.

Chilakolako chikandigwira mwamphamvu, ndichite chiyani nthawi yomweyo?

Tiyerekeze ndi bambo amene wagulitsa nshawa, ndalama yalowa pafoni madzulo, malaiti apita, ana agona, iye wagona chagada foni ili pachifuwa ndipo chala chikudziwa chokha pamene pali kubetcha. Choyamba, atchule chamumtima kuti ichi ndi chilakolako chafika. Asanene kuti ndine munthu wachabe, angotchula chimene chafika. Chachiwiri, achoke ku nkhani imene mutu ukukamba, yoti lero ndiwina ndibweze zonse zija, apite m'thupi akafufuze pamene chakhala. Mwina pachifuwa pathina, m'manja mwatuluka thukuta, m'mimba mukutentha, malovu adzaza m'kamwa, mpweya wafupika. Akhale pamenepo ndi kupuma, aziona ngati kuthinako kukukula, kukusuntha kapena kukuchepa.

Njira imeneyi anaiphunzitsa kwambiri Alan Marlatt wa ku University of Washington pothandiza anthu osiya mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Mfundo yake ndi yoti chilakolako chimakwera, chimafika pachimake, kenaka chimatsika chokha ngakhale musanachipatse kanthu, kungoti ambiri sitinadikirepo kuti tione kutsikako, timagonja chikadali kukwera ndiye timakhulupirira kuti chikanangokwerabe mpaka kutipha. Chidzabweranso, mwina usiku womwewo, koma amene waonapo kamodzi ndi maso ake chikutsika sachiopanso ngati kale.

Ndipo musadalire kupuma kokha. Bambo ameneyu akatha kupuma adzuke, apereke foni kwa amayi a kunyumba, m'mawa ndalamayo ipite kumene inayenera kupita isanagonenso pafoni usiku wina.

Ingandithandize kusiyiratu mowa, fodya kapena kubetcha?

Ingathandize, koma payokha nthawi zambiri siyikwana. Njira yake ili pa funso lapitali. Muwonjezepo kusintha njira yobwerera kunyumba kuti musadutse pa bala, kuuza munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, ndi kupeza chochita pa nthawi imene munkamwa.

Chenjezo ili ndilofunika kwambiri. Ngati mwakhala mukumwa kachasu kapena mowa wina waukali tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutamwako, musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Thupi lozolowera mowa likhoza kuyamba kukomoka ngati khunyu, kuona zinthu zoti palibe, ndipo munthu akhoza kufa. Pitani ku kiliniki kapena ku chipatala, kaya Chipata Central, kaya St Francis ku Katete, kaya chimene chili pafupi nanu, mukawauze zoona za mmene mumamwera kuti akuthandizeni kusiya bwinobwino.

Sizichepetsa mphamvu za m'banja?

Ayi. Amonke amene amakhala osakwatira anachita kusankha moyo umenewo, si kupuma kumene kunawachititsa. Munthu wa pabanja amene maganizo ake akhazikika amakhalapodi akakhala ndi mnzake, osati thupi pano mtima ku ngongole. Chimene chimafooka ndi kukokeka kuja kopita kunja, ma meseji obisa, zithunzi za pafoni usiku, ndipo pa zimenezo chitani zomwe zili pa funso la chilakolako champhamvu.

Kwathu kuli phokoso, chipinda chimodzi tonse, ndikhale kuti?

M'makomboni ngati Mchini kapena Nabvutika malo achete ndi osowa, wailesi ya aneba, ana, tambala, mabasi a ku Lusaka olawirira. Nthawi yabwino kwa ambiri ndi mbandakucha, cha m'ma 5 koloko anthu asanadzuke. Amayi ena amakhala pa kampando pafupi ndi mbaula madzi osamba akutentha, chitenje chili kumapewa, malasha akuthetheka, ndipo mphindi zimene madziwo akutenthera ndi zomwezo za kukhala chete, sipafunikanso alamu. Ena amafika msanga kutchalitchi mapemphero asanayambe. Wa kumunda akhoza kukhala pansi pa mtengo asanagwire khasu.

Phokoso likakhalapo musalimbane nalo, lisandutseni chinthu chomvetsera. Imvani galu akuuwa, kuuwako kwatha, njinga yadutsa, yapita. Mudzaona kuti chimene chimavuta si phokosolo kwenikweni koma kufuna kuti lisiye, komwe ndi kukoka kuja tinakamba pa funso la chilakolako.

Ndikangokhala chete ndimawodzera, mwendo umachitanso dzanzi

Kuwodzera nthawi zambiri ndi kutopa chabe, gonani mokwanira. Tsegulani maso, khalani mowongoka, musachite mutangodya nsima, kapena chitani choimirira. Za dzanzi, palibe lamulo loti mupinde miyendo ngati a pa zithunzi, mpando uli bwino.

Ndidzayamba liti kumva mtendere? Ena akuti amaona kuwala, ine palibe.

Samalani apa, chifukwa chilakolako chimadziwa kuvala zovala za kutchalitchi. Munthu amasiya kulakalaka mowa n'kuyamba kulakalaka mtendere umene anaumva Lachiwiri, ndiye Lachitatu akakhala pansi akungousakasaka, n'kukwiya kuti sukubwera. Ndi kukoka komweko. Masiku ena mudzakhala mofatsa, masiku ena mutu udzakhala ukuwira kuyambira poyamba mpaka alamu, ndipo masiku ovutawo ndi amene amakuphunzitsani zambiri. Kuwala, kumva thupi lapepuka kapena kunjenjemera pang'ono zimachitika kwa ena, zilibe tanthauzo lapadera, zisiyeni zidutse.

Kusintha musakuyang'ane pamphasa, kuyang'aneni masana. Mwana wataya mafuta ophikira ndipo mwapuma kamodzi musanakalipe. Mwadutsa pa salaula muli ndi ndalama ya ndiwo m'thumba, mwagwira jekete, mwaibweza. Kawirikawiri a m'nyumba mwanu ndi amene amayamba kuona inu musanaone. Pang'ono tsiku lililonse kwa masabata angapo ndi bwino kuposa ola lathunthu kamodzi pamwezi, ndipo mukazolowera mphindi 5 mutha kukwera kufika 10 kapena 20.

Pali anthu amene sayenera kuchita zimenezi?

Alipo ofunika kusamala, ndipo amene amanena kuti mediteshoni ilibe vuto kwa wina aliyense sakunena zoona. Willoughby Britton wa ku Brown University wakhala akufufuza za anthu amene zinawavuta, ena mantha anakula, ena tulo tinasowa, ena zinthu zoopsa zimene anakumana nazo kale zinabwerera mwamphamvu, makamaka pochita maola ambiri. Ngati munachitiridwapo nkhanza, munaona ngozi yoopsa, kapena maliro akadali aawisi, yambani ndi mphindi 2 kapena 3 maso ali otsegula, ndipo m'malo mwa mpweya muzimva mapazi anu pansi kapena phokoso la panja. Zikayamba kukupanikizani imani, dzukani, sambani kumaso, kambani ndi munthu.

Ngati mumamva mawu amene ena sakuwamva, mwakhala masiku osagona koma mphamvu zili zambiri, kapena maganizo ofuna kudzipha akubwera, imeneyo si nthawi yokhala nokha chete. Uzani wachibale lero lomwe mupite limodzi kuchipatala mukafunse a zamatenda a maganizo. Ndipo amene muli kale pa mankhwala, kaya a maganizo, a BP, a shuga kapena ma ARV, pitirizani kumwa monga anakuuzirani adokotala ngakhale mutayamba kumva bwino mumtima.